Tsamba Losagulitsa Kanthu la a Chidendene

Munthu akalowa m'chipinda chimene a Chidendene amagwirira ntchito, amayamba waona mapepala asanaone nsapato. Alendewera pamawaya anayi ochokera kukhoma lina kukafika kukhoma linzake, ngati zovala zoyanikidwa, ndipo pamapepala ambiri pali mapazi awiri ojambulidwa ndi pensulo. Ena ndi mapazi aakulu ophwatalala, ena ndi opindikira m'kati, ena alibe chala chachikulu, ndipo mapepala angapo ali ndi phazi limodzi lokha. M'mphepete mwa phazi lililonse muli timanambala, tsiku limene linajambulidwa, ndi mawu awiri kapena atatu okumbutsa mwini wake: "woyendetsa thirakitala," "mayi wa mapasa," "wodandaula kwambiri." Mapepala akale kwambiri anafiira ndi fumbi la chikopa. Loyambirira lili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi.

A Chidendene amasoka nsapato za anthu amene nsapato za m'sitolo zinawakana: wa mwendo umodzi wofupika, wopindika phazi chibadwire, wovulala pangozi, ndi odwala matenda a shuga amene kachilonda kochepa kaphazi kangathe kuwadulitsa mwendo. Dzina lawo lenileni linatsalira pachiphaso. Ili la Chidendene anawapatsa ndi makondakitala a mabasi kalekale, ataona kuti munthu akawapatsa moni, iwo amayankha bwinobwino koma maso ali pansi, kuona mmene zidendene za nsapato zake zadyekera. Ndi bambo wamfupi, wa imvi zambiri, wosafulumira kuyankha, ndipo chala chawo chachikulu chakumanja chinaphwatalala chifukwa chokanikiza chikopa.

Ntchitoyi sanaiphunzire kusukulu. Anayamba akumata soli ndi kukhoma zidendene pakhonde la sitolo ina kuseri kwa depoti ya mabasi. Tsiku lina kunabwera mtsikana wotsimphina atanyamula nsapato yakumanzere imene inkatha mbali imodzi mwezi ndi mwezi. Ataimata kachitatu, anazindikira kuti vuto silinali la nsapato. Mwendo wa mtsikanayo unali wofupika ndi zala ziwiri. Anamuimika papepala la thumba la simenti, nagwada, najambula mapazi onse awiri. Nsapato yoyamba inalephereka. Yachiwiri inali yolemera ngati njerwa. Yachitatu mtsikanayo anayenda nayo osatsimphina, ndipo patatha chaka anakhala mkazi wawo. Mayiwo amakonda kuuza alendo kuti mwa amuna onse amene anawafunsira, mmodzi yekha ndiye anawagwadira, ndipo ngakhale ameneyo ankangofuna phazi.

Kuchokera papepala loyamba lija, a Chidendene anakhazikitsa malamulo atatu amene aliyense wofuna nsapato ayenera kutsatira. Munthu ajambulidwe phazi ataimirira, chifukwa phazi limatambasuka likasenza thupi. Abwere masana, dzuwa litapendeka, chifukwa phazi la m'mawa ndi labodza, limakhala lisanatupe. Ndipo abwere ndi nsapato zake zakale, ngakhale zong'ambika, chifukwa kudyeka kwa soli kumaulula zimene mwini wake sangathe kufotokoza. Nambala ya sayizi saifunsa n'komwe. Amati nambalayo ndi ya bokosi lonyamulira nsapato.

Anagwira ntchito motero kuseri kwa depoti kwa zaka makumi atatu, popanda chikwangwani. Aliyense wotsika basi akafunsa za wosoka nsapato za olumala, ankangolozeredwa ndi chala. Kenaka msewu unafunika kukulitsidwa, ndipo mzere wonse wa masitolo aja unagwetsedwa m'sabata imodzi. A Chidendene anapeza chipinda kutali ndithu, kuseri kwa bwalo la omata matayala. Kuti munthu akafikeko, ayenera kudutsa m'kanjira kopapatiza pakati pa shopu ya owotcherera zitsulo ndi nyumba yometera, kenaka kuwoloka ngalande pathabwa. Anasamutsa mawaya awo anayi, makina osokera, zikombole zamatabwa ndi benchi la makasitomala. Anasiya uthenga kwa mayi wina wogulitsa zipatso pafupi ndi malo akale aja kuti azilozera anthu njira, koma patangotha mwezi mayiyo nayenso anasamutsidwa.

Apa m'pamene kulimba kwa nsapato zawo kunawapweteka. Kasitomala wa a Chidendene amabwera kamodzi pa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo ambiri amachokera kutali. Munthu wotere ankatsika basi, n'kutsimphina mpaka kuseri kwa depoti, n'kupeza mpanda wa malata ndi mulu wa miyala. Akafunsa, ena ankamuuza kuti mkulu uja anabwerera kumudzi, ena kuti anamwalira. Kwa miyezi isanu ndi iwiri benchi linakhala lopanda munthu, kupatula omata matayala obwera kudzabisala dzuwa. A Chidendene ankasoka zikwama za ana asukulu ndi kumata masilipasi, ndipo m'mawa uliwonse ankapukuta fumbi pamapepala ndi kansalu kouma.

Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa m'tauni ina, anayamba kuwanyengerera kuti atseke, akakhale naye ndi kupuma. Mayi a kunyumba sanamutsutse. Anauza amuna awo poyera kuti pangano la chipindacho likutha kumapeto kwa chaka, ndipo ngati benchi lidzakhale chomwecho, iwo sadzavomera kuti alionjezere. A Chidendene anafunsa kuti nanga mapepala adzapita kuti. Mayiwo anayankha kuti wogulitsa misomali angakonde kukulungiramo katundu wake, koma la mapazi awo lokha adzalitenga okha. Analankhula moseka, komabe onse awiri anadziwa kuti nkhaniyo sinali yoseka.

Amene anabwera ndi maganizo a webusayiti anali mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo uja. Ndi munthu wa mtima wabwino ndiponso wachangu, wogulitsa zipangizo za magalimoto, ndipo malonda ake ambiri amayendera pa intaneti. Munthu amasankha chitsulo papikicha, n'kuchiponya m'kadengu kapafoni, n'kulipira, mawa lake katundu ali pabasi. Iye anaona kuti zimene zinamupindulira ndi mabawuti zingapindulirenso apongozi ake ndi nsapato. Anafika Loweruka lina ndi kompyuta yake, nakhala pabenchi lopanda anthu lija, ndipo pomatha masabata awiri sitolo ya pa intaneti inali itatha.

Inali yokongola, palibe angatsutse. Inali ndi dzina lalitali lachingerezi, chifukwa mkamwiniyo anati la Chidendene silimveka ngati la kampani. Inali ndi kadengu, mitengo, ndi mndandanda wa masayizi kuyambira pa 4 mpaka pa 12. Adiresi sanaikepo, anati sitolo ya pa intaneti sisowa khomo. Pojambula mapikicha, anaona kuti nsapato za apongozi ake zikaikidwa ziwiriziwiri sizioneka bwino, chifukwa ina imakhala ndi soli yokhuthala, ina yotupa mbali imodzi. Choncho pa peyala iliyonse ankasankha ya phazi labwino, n'kuipukuta, n'kuijambula yokha. Yachiwiri ija, imene inali ntchito yeniyeni ya a Chidendene, ankaikankhira pansi pa tebulo kuti isaoneke. A Chidendene anaona zimenezi, koma anangopitiriza kusoka. Mkamwini wodzipereka chotero sadzudzulidwa pamaso pa anthu omata matayala.

Patapita masabata atatu, oda yoyamba inafika. Mayi wina wa kutali anasankha nsapato zakuda zachimuna, sayizi 9, nalipira. Mkamwini anabwera ndi mkazi wake kudzapereka uthengawo, nkhope ili ngwee. A Chidendene anafunsa kuti phazilo alijambula liti.

"Bambo, masiku ano safunika kubwera," anatero mkamwiniyo. "Alemba kale kuti naini."

"Naini wa phazi liti, apongozi?"

"Onse awiri."

A Chidendene anayang'ana mwana wawo, amene ankawayang'ananso ndi maso opempha, kenaka anayang'ana benchi. Anatsitsa chikombole wamba cha sayizi 9 chimene chinali chitakhala pashelefu zaka zambiri osagwira ntchito. Anasoka nsapatozo mosamala monga amachitira nthawi zonse, ndipo kuseri kwa chidendene anaika chizindikiro chawo, timizere tiwiri ta ulusi topingasana. Mkamwini anazitumiza pabasi. Aka kanali koyamba m'zaka makumi atatu ndi chimodzi kuti a Chidendene asoke nsapato za phazi limene sanaligwire, ndipo mayi a kunyumba amati sabata imeneyo amuna awo ankadya ngati munthu wodwala malungo.

Patatha mwezi, masana a Lachitatu, omata matayala anaona bambo wina wachikulire akuwoloka ngalande ija pang'onopang'ono. Anali ndi ndodo, phazi lakumanja lili m'bandeji ndi m'silipasi, ndipo m'manja anali ndi jumbo. Atafika pakhomo anaima, nayang'ana mapepala, napuma mpweya wautali.

"Chidendene, anandiuza kuti unafa."

A Chidendene anadzutsa mutu. Monga mwa chizolowezi anayamba ayang'ana mapazi, ndipo anawazindikira asanaone nkhope. Anali aphunzitsi ena opuma pantchito, odwala shuga, amene anakhala akuwasokera nsapato kwa zaka khumi ndi zisanu. Phazi lawo lakumanja lili ndi fupa lotukuka pambali pa chala chachikulu, ndipo nsapato yake imafunika kukulitsidwa pamenepo ndi kuyalidwa chikopa chofewa m'kati.

Aphunzitsiwo anakhala pabenchi, natulutsa m'jumbo nsapato zakuda zija. Anafotokoza kuti anapita kuseri kwa depoti kawiri konse, napeza malata. Nsapato zawo zakale zitatheratu, mwana wawo wamkazi anafufuza pafoni, napeza sitolo yokongola yolonjeza nsapato zosokedwa pamanja, nawagulira. Anazivala masiku anayi. Popeza shuga anawachititsa dzanzi kumapazi, sanamve kupweteka kulikonse. Anangoona sokosi itamatirira pakhungu. Achipatala anatsuka chilondacho ndi kuwachenjeza kuti akanachedwa sabata ina, nkhani ikanakhala ina. Ali chigonere kunyumba, anatembenuza nsapatoyo kuti aone chimene chinawaluma, ndipo anaona timizere tiwiri topingasana kuseri kwa chidendene. Pawebusayiti panalibe nambala ya foni kapena njira. Anachita kufunsa ku ofesi yotumizira katundu pabasi, ndipo kalaliki wa kumeneko ndiye anakumbukira kumene phukusilo linachokera.

"Ulusi ndinauzindikira kuti ndi wako," anatero aphunzitsiwo. "Koma ndinati, Chidendene sangandisokere chinthu chotere. Ndiye ndabwera kudzaona amene anakubera ulusi."

"Palibe anandibera, aphunzitsi. Ndinasoka ndine."

A Chidendene anaimirira, napita pawaya wachitatu, ndipo osafufuza nthawi yaitali anatsitsa pepala lolembedwa kuti "aphunzitsi, fupa kumanja." Linali litalendewera pamwamba penipeni pa makina osokera masiku onse amene ankasoka nsapato zija. Analiyala patebulo, naikapo nsapato yakumanja. Mzere wa pensulo unatulukira kunja kwa soli ndi chala chathunthu, pamalo pomwe panali chilonda. Kenaka anagwada, namasula bandeji mosamala kuti aone, napepesa. Aphunzitsiwo anati kupepesa sikuvalidwa kuphazi. Chimene akufuna ndi nsapato, chilonda chikapola.

Madzulo a tsiku lomwelo a Chidendene anaimbira foni mkamwini wawo. Sanamukalipire. Anangomufotokozera zimene zinachitika, kuyambira pa sokosi mpaka papepala, ndipo anamupempha kuti atseke kadengu kaja. Mkamwiniyo anati watseka, ndipo ngati apongozi ake safunanso kumva za intaneti, iye amvetsa. Yankho la a Chidendene linamudabwitsa. Anati mwana wa aphunzitsi uja anafufuza pafoni, ndipo foniyo inamufikitsadi pakhomo pawo, kungoti inamufikitsa khomolo litavala chigoba. Ndiye kuti ana a makasitomala enanso akufufuza. Choipa si tsamba, koma mtundu wa tsambalo. Anafunsa ngati pali munthu amene ntchito yake ndi imeneyi basi, monga yawo ili ya mapazi.

Mkamwiniyo ankamudziwa mayi wina wokonza mawebusayiti, amene ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Anapita onse awiri sabata yotsatira. A Chidendene anavala jekete, ndipo m'thumba anaikamo pensulo ndi mapepala awiri opinda. Mayiyo anali wa zaka za m'ma makumi anayi, wa magalasi, womvetsera kwambiri kuposa kulankhula. Atamva nkhani yonse, anatembenuza kompyuta kuti onse aone, nayamba kuwaonetsa mitundu ya masamba. Pali sitolo, ngati imene anali nayo kale. Pali tsamba losungitsirapo nthawi, limene munthu amasankhapo tsiku ndi ola lodzaonana ndi mwini ntchito. Pali la mapikicha okhaokha, lokondedwa ndi ojambula ndi osoka madiresi. Pali lolembapo nkhani sabata ndi sabata kuti anthu azikudziwa. Ndipo pali laling'ono kwambiri, la tsamba limodzi, longonena kuti ndiwe yani, umachita chiyani, ndipo uli kuti.

Mkamwiniyo ankagwedeza mutu pa mtundu uliwonse, chifukwa uliwonse unali ndi ubwino wake. A Chidendene anamunong'oneza kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Lolembapo nkhani analikana msanga. Anati dzanja logwira singano silingagwirenso cholembera sabata iliyonse. Losungitsirapo nthawi analiganizira pang'ono, koma anati anthu awo amabwera pabasi kuchokera kutali, ena ndi ndodo, ndipo munthu wotere sungamuuze kuti ukachedwa ndi theka la ola malo ako apita. Benchi lilipo, wofika amadikira. Mayiyo anavomereza, koma anali ndi maganizo ake amene ankawaona kuti ndi anzeru. Anati sitolo ija isatayidwe. M'malo mwa masayizi, aikepo malangizo oti munthu azidzijambula yekha phazi papepala kunyumba kwake, n'kutumiza pikicha yake. Potero a Chidendene akhala ndi pepala lawo, ndipo kasitomala sakhala ndi ulendo.

A Chidendene anatulutsa pepala limodzi ndi pensulo, napempha mayiyo kuti avule nsapato ndi kudzijambula phazi monga angachitire kunyumba. Mayiyo anaseka, koma anavula. Ali pampando, anaika phazi papepala, nawerama, nazunguliza pensulo. Kenaka a Chidendene anayala pepala lachiwiri pansi, namupempha kuti aimirire ndi kuyang'ana kutsogolo. Anagwada ndi jekete lawo lomwelo, pensulo ili chilili, nazungulira phazilo, kwinaku chala chawo chophwatalala chija chikukanikiza apa ndi apo. Atatha anasanjikiza mapepala awiriwo pagalasi la zenera. Dzuwa linaonetsa mizere yonse iwiri, ndipo wa munthu woimirira unali kunja kwa unzake kutsogolo ndi m'mbali momwe.

"Phazi ndi limodzi, tsiku ndi limodzi," anatero a Chidendene. "Ndisoke liti?"

Mayiyo anayang'ana zeneralo, magalasi ali m'manja.

"Ndiponso apa pamakupwetekani mukatsika masitepe," anapitiriza a Chidendene, akuloza pansi pa chala chachiwiri. "Pepala silinandiuze zimenezo. Chandiuza ndi chala changa, ndi soli ya nsapato yanuyo."

"Miyezi itatu tsopano," anayankha mayiyo. Anavala nsapato yake, nabwerera pakompyuta, natseka zonse zimene anatsegula. "Bambo, inu simugulitsa nsapato pa intaneti. Chimene mukufuna n'chakuti munthu anyamuke abwere ndi mapazi ake. Tiyeni tikonze tsamba limodzi lomuthandiza kufika."

Anatenga masiku awiri akukangana za mawu. Dzina lachingerezi lija linachotsedwa, ndipo pamwamba panalembedwa dzina limene makondakitala anapereka. Mayiyo anafunsa kuti anthu osowa a Chidendene angalembe chiyani pofufuza, ndipo iwo anayankha kuti angalembe zimene amafunsa akatsika basi. Choncho pansi pa dzina panabwera chiganizo chakuti ndi wosoka nsapato za mwendo wofupika, za mapazi opindika ndi za odwala shuga, amene kale anali kuseri kwa depoti ya mabasi. Mayi a kunyumba, atawerengeredwa pafoni, analamula kuti awonjezerepo mawu akuti "ali moyo." Mayi wa mawebusayiti anati zimenezo sizilembedwa patsamba la bizinesi. Mayi a kunyumba anati theka la makasitomala linamva za maliro, ndipo wopita kwa womwalira ndi wolira yekha. Mawuwo analembedwa.

Kenaka panabwera malamulo atatu aja, nambala ya foni, ndi masiku ogwira ntchito. Mitengo sanaikepo, chifukwa a Chidendene sanena mtengo wa nsapato asanaone phazi. Mapikicha a nsapato anaikapo atatu okha, ndipo pa iliyonse nsapato ziwiri zinaima limodzi, yokhuthala soli ili kutsogolo. Mayiyo anachepetsa mapikichawo kuti tsamba lizitseguka msanga ngakhale pakafoni kotsika mtengo, kumalo kumene netiweki imavuta. Pamapeto penipeni a Chidendene anapempha chiganizo chimodzi chakuti satumiza nsapato kwa munthu amene sanamuyeze.

Ntchito ya njira anaipereka kwa mkamwini wawo, ndipo anachita dala. Kuyambira tsiku la aphunzitsi, mkamwiniyo ankayenda ngati munthu wosenza mwala, osayang'ana apongozi ake m'maso. A Chidendene anamuuza kuti pajambulidwe njira yonse kuchokera pamene basi imaima, ndipo wodziwa kujambula m'banjamo ndi iye yekha. Koma anamupatsa ndodo ya aphunzitsi, imene anaibwereka, ndi nsapato imodzi ya soli yokhuthala kuti avale kuphazi lamanzere. Anati njira ya munthu wa miyendo yabwino si njira ya makasitomala awo. Mkamwiniyo anatsimphina kuchokera pa siteji ya basi mpaka pakhomo, omata matayala akumuseka kuti wakwatira mwana wa wosoka nsapato koma akuyenda ngati bakha. Anabwera ndi mapikicha asanu ndi limodzi ndi mawu ake: kumanzere kwa msewu kuli miyala, yendani kumanja, pashopu ya owotcherera pali zitsulo pansi, pali khonde lopumirapo panyumba yometera. Anabweranso ndi dandaulo lakuti thabwa la pangalande ndi lopapatiza kwa munthu wa ndodo. Loweruka lotsatira anabweretsa matabwa atatu ndi chogwirira, nakhoma yekha.

Tsambalo litatsegulidwa, masabata awiri anadutsa popanda kanthu. A Chidendene anapitiriza kusoka zikwama. Sabata yachitatu foni inalira. Anali mwana wa woyendetsa thirakitala uja, akufunsa ngati n'zoona kuti mkuluyo ali moyo. A Chidendene anayankha kuti akulankhula ndi yemweyo, ndipo bambo ake abwere masana ndi nsapato zakale. Kenaka kunabwera mayi wa mapasa, amene mapasa akewo tsopano ndi anthu akuluakulu, ndipo mmodzi wa iwo ndiye anamupezera njira. Namwino wina wa kuchipatala kumene aphunzitsi ankatsukitsa chilonda anasunga tsambalo mufoni mwake, nayamba kulionetsa odwala. Ngakhale "wodandaula kwambiri" anafika, nadandaula kuti njira yatalika, benchi lauma, ndipo papikicha khomo likuoneka lalikulu kuposa mmene lilili.

Si onse amene anabwerera. Mawaya aja ali ndi mapepala ambiri amene eni ake sadzaonekanso, ndipo pali ena amene amaimba foni, n'kumva kuti ayenera kuyenda ulendo, n'kudula. Mkamwini amawawerengabe amenewo ndi chisoni cha munthu wamalonda. A Chidendene amati munthu wodula foni wapulumutsa phazi lake ndi dzina lawo.

Aphunzitsi anabwera chilonda chitapola, masana monga mwa lamulo. A Chidendene sanagwiritse ntchito pepala lakale. Anati phazi limene ladwala lasintha. Anawaimika papepala latsopano, ndipo patatha masabata awiri anawaveka nsapato, nawayendetsa kuchokera pakhomo mpaka pangalande ndi kubwerera katatu, kenaka anawavula sokosi kuti aone ngati pali pofiira. Panalibe. Nsapato zakuda za sayizi 9 zija zili pashelefu pamwamba pa makina osokera. Mkamwini anapempha kuti azitaye, kapena azipereke kwa wina wa mapazi abwino. A Chidendene anakana, nati anasoka ndi iwo, ndipo akufuna aziziona akamadula chikopa.

Za pangano la chipinda, mayi a kunyumba sananenepo kanthu mpaka sabata yomaliza ya chaka. Lachisanu lina masana anafika kuntchitoko, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Pabenchi panali anthu atatu, ndipo wachinayi anali ataima papepala, amuna awo atagwada patsogolo pake. Mayiwo anapereka moni, nayang'ana waya wachinayi, umene unali utalemera mpaka kupindikira pakati. Anatulutsa m'chikwama mkombero wa waya watsopano ndi misomali iwiri, naziika patebulo.

"Mwini nyumba ndakumana naye," anatero. "Mukamaliza phazi limenelo mukhome uyu. Koma mukhome m'munsi pang'ono, bambo, mwayamba kufupika."

A Chidendene sanadzutse mutu. Anapempha kasitomalayo kuti asagwedezeke, namaliza kuzungulira chidendene, nalemba tsiku m'mphepete mwa pepala.